Phulusa la Naro ku Kashi

Sunthirani mbali ino, utsi ukulowera kumeneko. Nkhani imene ndikuuzeniyi inachitikira kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere, koma mwini wake anali wakonkuno, mayi wa ku Luchenza dzina lake Elube. Amene munakhalako ku Limbe kale mwina munamuonapo: mayi wamtali, wosaseka wamba, amene ankasoka pakhonde la sitolo ya nsalu ya mmwenye wina wotchedwa Narottam. Dzinalo anthu linkawakola lilime, ndiye ankangoti Naro.

Elube anafika pakhondepo ali mtsikana, atasenza makina osokera a malume ake. Naro anali mnyamata woonda, wamanyazi, amene ankayeza nsalu mopitiriza pang'ono amayi ake akayang'ana kumbali. Zinayamba ndi kapu ya tiyi ya masana, zinathera kwa DC, kumene anamangitsa ukwati popanda wachibale ndi mmodzi yemwe, wa mbali iyi kapena iyo.

Amayi ake a Naro, a Maniben, anali mayi wamasiye, wamfupi, wovala sari yoyera, nsalu yaitali yodzikulunga ya amayi a kwawo, chaka chonse. M'chiuno ankamangirira mulu wa makiyi: a sitolo, a kabati, a chipinda cha mpunga, ngakhale a zitseko zimene zinazulidwa kalekale. Akamabwera unkawamva asanaoneke, ngwere, ngwere, ngwere. Za ukwatiwo sanakalipe. Anangolamula kuti Elube asalowe kukhitchini, asayandikire pakona pamene panali zithunzi za milungu yawo ndi kanyali, ndipo kapu iliyonse imene wakhudza itsukidwenso. Elube akagwada kuwapatsira madzi, iwo ankaloza pansi ndi chala n'kuti, "Iwe, ika pansi." Chichewa chawo chinali chomwecho, cha m'sitolo, chodukaduka. Dzina la mpongozi wawo sanalitchulepo mpaka kalekale.

Patapita zaka, a Maniben anasamukira ku Mangalande ndi mwana wawo wamng'ono, Kantilal. Tsiku lonyamuka, ali kale m'galimoto, anaitana Naro n'kumuuza mawu m'chinenero chawo. Naro anabwerera m'sitolo nkhope itagwa, ndipo panapita nthawi yaitali asanamuuze mkazi wake zimene ananena. Akuti anati: "Wamoyo wakutenga iyeyu. Ukadzafa udzabwerera kwa ine."

Atakalamba kwambiri, a Maniben anachokakonso ku Mangalande n'kupita ku Kashi kukadikira imfa. Kashi ndi mzinda wakalekale wa ku India, womangidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Ganga. Ena amautcha Banarasi. Ahindu amakhulupirira kuti munthu amene wafera kumeneko, kapena amene phulusa lake lathiridwa m'madzi amenewo, ndiye wapuma, sadzabadwanso kudzavutika pansi pano. Gogoyo anafera komweko, thupi lake n'kutenthedwa m'mbali mwa mtsinjewo.

Elube ndi Naro anakalambira limodzi. Ana anabadwa awiri, koma onse sanakhalitse. Matenda a shuga atamugwira Naro mpaka kumugoneka, tsiku lina anamugwira mkazi wake mkono.

"Akanditentha monga mwa mwambo wathu, phulusa langa upite nalo ku Kashi. Koma ukalithire ndiwe, ndi dzanja lakoli. Usakapatse munthu. Ngakhale Kanti, ngakhale wansembe."

"Bwanji ine, bambo? Kwanuko sandifuna."

"N'chifukwa chake," anatero Naro, n'kutembenukira kukhoma.

Atamwalira, Ahindu anzake anamutentha, phulusa n'kuliika m'kamtsuko ka mkuwa kokulunga ndi nsalu yofiira. Kantilal anabwera kumaliro kuchokera ku Mangalande, munthu wonenepa, wa imvi, Chichewa chake cha ubwana chikadalipo ngakhale chinali chitachita dzimbiri. Mwambo utatha anatambasula manja onse awiri kuti alandire kamtsuko.

"Alamu, zatsalazi ndi zathu. Inu mwagwira ntchito yanu."

"Ntchito yanga itha ndikafika kumtsinjeko," anayankha Elube. "Ngati mukufuna, tiyeni limodzi. Chinenero cha kumeneko sindichidziwa, mukandithandiza kufunsa njira."

Kwawo nakonso sikunamukomere. Achimwene ake a Dafita, mkulu wa mpingo, anabwera kudzakhala pakhonde chipewa chili pabondo.

"Mlongo wanga, ukusunga munthu wakufa patebulo ngati maluwa. Kenako ukuti ukapembedze mtsinje. Anthu akulankhula."

"Alankhule, achimwene. Analankhula ndikukwatiwa, sindinaonde. Mtsinje sindikukaupembedza ine. Ndikuperekeza mwamuna wanga."

Zachilendo zinayambira m'nyumba momwemo, mapepala a ulendo akukonzedwa. Kamtsuko ankakasiya patebulo la kuchipinda, koma m'mawa ankakapeza pansi, pafupi ndi chitseko chotulukira panja. Poyamba anati mwina ndi iye mwini, chisoni chimayendetsa munthu ali mtulo. Koma kenako anaona mfundo. Iye anamanga nsalu yofiira ija ndi mfundo ya atelala, yomasuka ndi kukoka kumodzi. M'mawa anapeza mfundo ina, yaing'ono, yolimba ngati njere ya chimanga. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anali ataionapo, pa timatumba ta mphodza ta a Maniben, ta m'chipinda chija sankaloledwa kulowamo.

Sanauze munthu. Anatenga chitenje, n'kubereka kamtsuko kumsana ngati mwana, mfundo ili pachifuwa. Kuyambira tsiku limenelo ankadya, kusoka ndi kugona chammbali ali nako.

Za ndege sankazikamba kwambiri. Ankakamba za sitima ya pamtunda imene inawatenga kupita ku Kashi, yodzaza ndi anthu a ulendo wopatulika, agogo ometa mipala, mabanja onyamula timitsuko ngati kake. Inali nyengo yozizira kumeneko. Chakumadzulo munthu wogulitsa tiyi anafika pamene anakhala, n'kuthira timakapu titatu. Kantilal anamukanira, kumusonyeza zala ziwiri. Wogulitsayo analoza ndi chibwano pampando, pambali pa Elube, pamene panalibe munthu. Atayang'ananso bwino anasiya kutsutsana, n'kunyamula ketulo yake kumapita, kapu yachitatu ataisiya pomwepo. Palibe anaimwa. Ngakhale sitimayo inali yothinana, anthu ataimirira mpaka pakhomo, palibe anabwera kudzakhala pamalopo.

Mdima utagwa, pansi pa phokoso la mawilo, Elube anamva kaphokoso kena kochepa kakuyenda m'kanjira ka pakati. Ngwere. Ngwere. Anayang'ana mlamu wake. Kantilal anali atatsegula maso, akuyang'ana komweko. Ataona kuti Elube akumuona, anatseka maso n'kuyamba kuliza nkonono wabodza.

Anafika ku Kashi masana. Elube ankati mzinda umenewo suyamba ndipo sutha, umangokumeza. Tinjira take n'topapatiza moti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri, ndipo ng'ombe ikabwera uyenera kulowa pakhomo la eni ake kuti idutse. Paliponse mabelu a m'makachisi, fungo la lubani, la mafuta okazingira, la maluwa achikasu owola, ndi fungo lina la utsi limene iye analizindikira chifukwa anali atangolimva kumene pamaliro a mwamuna wake. Tinjira tonse timatsetserekera kumasitepe akuluakulu amiyala, ndipo pansi pa masitepewo pali mtsinje, waukulu, wambuu, woyenda mosapupuluma.

Anapeza malo ogona m'nyumba ina yakale pafupi ndi madzi. Mayi wa nyumbayo anawatsogolera akuseka, akulankhula ndi Kantilal, koma atatsegula chipinda cha Elube anaima pakhomo, kuseka n'kutha. Anapereka bulangete atatalikira, osaponda m'kati. Elube anavula nsapato pakhomo monga amachitira kumeneko, n'kulowa kukasamba m'maso. Potuluka nsapato panalibe. Anakazipeza pansi pa masitepe, pakhomo lotulukira kumsewu, zitaikidwa bwinobwino pamodzi, zitaloza njira imene anadzera.

Anazitola, n'kuzitembenuza, n'kuzivala.

Dzuwa likulowa anatuluka ndi Kantilal kukaonana ndi wansembe woti adzachite mapemphero m'mawa mwake. Ali m'kanjira kena anamva anthu akubwera chothamanga, akuimba dzina la Ram, mmodzi wa milungu yawo. Anali onyamula maliro, mtembo uli pamachira ansungwi, wokutidwa ndi nsalu yonyezimira. Elube anadziphatika kukhoma kuti adutse. Atadutsa, Kantilal panalibe.

Si Kantilal yekha amene anasowa. Kanjira kanali kopanda munthu. Mabelu anali atasiya, mawailesi, ana, njinga zamoto, zonse zii. Zitseko zonse zinali zotseka. Patsogolo pang'ono, pasitepe ya khomo lina, panakhala gogo wina wovala zoyera, atafunda kumutu, atawerama. Agogo otere mumzindamo ndi ambiri, ndiye Elube anangodutsa. Anakhota pakona, n'kuona gogo wovala zoyera atakhala pasitepe patsogolo pake. Anadutsanso. Atakhotanso n'kumupezanso, anaima.

"Iwe."

Taganizani. Mzinda wa anthu osawerengeka, wopanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti kuli dziko lotchedwa Malawi, n'kumva mawu amenewo.

Gogoyo sanadzutse mutu. M'nsalumo munangotuluka chala chimodzi, chowonda, n'kuloza pansi pamiyala.

"Iwe, ika pansi."

Elube ankati mawondo ake anafuna kugwada okha, chifukwa anali atazolowera. Kwa zaka zambiri mawu amenewo akamveka, thupi lake linkamvera iye asanaganize. Anagwira khoma mpaka mawondowo atalimba.

"Ndakumvani, amayi," anatero. "Sindiika."

Anayamba kuyenda. Podutsa pafupi anamva fungo la mafuta a kokonati ndi kanfa, ndipo sanayang'ane. Kumsana chitenje chinayamba kukokedwa, osati mwamphamvu, koma mosalekeza, ngati mmene minga imakolera nsalu. Anagwira mfundo ya pachifuwa ndi manja onse awiri, n'kuweramira kutsogolo ngati munthu wokwera phiri ndi mtolo wa nkhuni. Kumbuyo, ngwere, ngwere, ngwere, mayendedwe a munthu wa miyendo yaifupi amene sakufuna kutsala. Sanathamange. Anati akathamanga ndiye kuti wavomera kuti chimene wanyamula n'chakuba.

Phokoso la mzinda linabwerera kamodzin'kamodzi ngati watulutsa mutu m'madzi. Anapezeka ali pamwamba pa masitepe, pansi pake pali khamu la anthu, ansembe akuzunguza nyali zamoto moyang'ana mtsinje, mabelu akulira. Kantilal anali pomwepo, akutuluka thukuta m'chisanu chonsecho.

Atamufotokozera, Kantilal anakhala pansi pamwala.

"Kanjira kamene mwatulukirako," anatero, "ndi ka nyumba ya amayi amasiye. Ba anafera mmenemo." Ba ndi mmene ankaitanira amayi ake. Anapukuta kumaso ndi mpango. "Alamu, ndikupempheni. Ndipatseni ine kamtsukoko. Ndine magazi awo, kwa ine alandira, zithera pomwepo. Inu mwafika, mtsinje mwauona, palibe angakunyozeni."

"Akulu anu anati ndithire ine."

"Akulu anga anamwalira. Inu muli moyo. Ba ndikuwadziwa ine, sanagonjerepo munthu. Bambo athu anawalephera."

"Ndiye mawa akaphunzire," anatero Elube.

Usiku umenewo sanagone. Anakhoma chitseko, n'kukhala pansi atachitsamira, kamtsuko kali pamiyendo. Nyumba itakhala chete, anamva makiyi akukwera masitepe pang'onopang'ono, kupuma, kukweranso. Anafika pakhomo. Kiyi analowa pabowo, pamwamba penipeni pa mutu wake, n'kuzungulira, n'kukana. Anatuluka. Analowa wina. Anakana. Wina. Munthu wake sankapupuluma, ankayesa mmodzimmodzi, ngati wodziwa kuti pamulu wonsewo alipo amene atsegule. Elube anamva kuzizira kwa thabwa kukulowa mumsana.

"Chitseko ichi si chanu, amayi," ananena mosakweza mawu. "Zanu munazisiya ku Limbe."

Kenako kiyi wina analowa.

Kunacha ndi chifunga chokhuthala moti munthu sankaona mapazi ake. Anatsikira kumtsinje mopapasa. Wansembe, bambo wometa mpala wofunda shawelo, anawakhazika pasitepe ya pansi, n'kuyala maluwa, mpunga ndi chitowe. Ananena mapemphero ake, Kantilal akubwereza pambuyo. Kenako wansembeyo anatambasula dzanja kwa Elube kuti alandire kamtsuko. Elube anapukusa mutu. Kantilal anafotokoza, ndipo Elube anaona kuti akuyembekeza kuti wansembe akalipe, nkhani ithe. Koma wansembeyo anamuyang'ana Elube, kenako anayang'ana kuseri kwa phewa lake, m'chifungamo, nthawi yaitali. Anayamba kulongedza zinthu zake.

"Akuti chiyani?" anafunsa Elube.

"Akuti mawu ake atha. M'bwato sakwera. Akuti zatsalazi ndi za pabanja."

Wopalasa bwato anali mkulu wachikulire wofunda bulangete kumutu. Atangokwera n'kuchoka pagombe, bwato linapendekera mbali imodzi. Wopalasayo anauza Kantilal kuti asunthe. Kantilal anasuntha. Bwato linapendekerabe komweko, mbali ya kudzanja lamanja la Elube, kumene thabwa linali lopanda munthu. Wopalasayo anangopalasa maso ali pa mapazi ake.

Mzinda unazimiririka kumbuyo kwawo. Mabelu anayamba kumveka ngati ali pansi pa bulangete, kenako sanamvekenso. Kunatsala phokoso la nkhafi zokha. Patapita nthawi Elube anazindikira kuti nkhafi zikulowa m'madzi ndi kutuluka, koma bwato silikuyenda. Anthu kumeneko amayandamitsa tinyali tating'ono pamasamba, tokhala ndi maluwa, kuti madzi atitenge. Tinyali totero tinayamba kutulukira m'chifunga, kamodzi, kenako tambiri, tikubwera mokwera mtsinje, molimbana ndi madzi, mpaka tinazungulira bwato n'kuima. Wopalasa anaika nkhafi pansi n'kukokera bulangete kumaso.

Elube anamasula chitenje n'kuika kamtsuko pamiyendo. Nsalu yofiira inali yonyowa, ndipo mfundo inali ija yaing'ono yolimba. Zikhadabo zinalephera. Anaiika kukamwa n'kuiluma mpaka ulusi unaduka. Anachotsa chivundikiro, n'kunyamula kamtsuko ndi dzanja lamanja, n'kulitambasulira pamwamba pa madzi.

Pamenepo chinamugwira pamkono.

Zinali zala, zowonda, zonyowa, zozizira kuposa chilichonse chimene anakhudzapo. Sizinakoke. Zinangogwira, ndipo mkono wake sunathe kupendeka ngakhale pang'ono. Kantilal anali atagwada m'timadzi ta m'bwatomo, akulira ngati kamwana, akungoti Ba, Ba, ndi mawu ena a chinenero chawo. Pafupi ndi khutu la Elube mawu aja anamveka, ouma ngati tsamba.

"Wanga. Iwe, ika pansi."

Elube ankati mantha anali nawo, asakunamizeni munthu. Koma pansi pa manthawo anapezapo chinthu china chimene chinakhala chikudikira kuyambira tsiku loyamba limene anagwada ndi kapu ya madzi.

"Amayi," anatero, "ine dzina langa ndine Elube. Mwana wanuyu ndamudyetsa ndi dzanja limeneli mpaka tsitsi lake lachita imvi. Ndamusambitsa nalo atalephera kudzuka. Ndamutseka nalo maso. Inu munali kuti? Simunamutenge ndinu kuchokera ku Limbe, ndamubereka ndine kumsana kudzafika naye pakhomo panu. Sindikukumanani. Ndi wanu, munamubala. Koma pansi sindimuika. Mukamufuna, mulandire m'dzanja langa, ngati mmene munthu amalandirira kwa munthu mnzake."

Zala zija zinafinya. Ululu unakwera mpaka m'phewa. Bwato linapendekera kwambiri, madzi n'kuyamba kulowera m'mphepete.

"Alamu," anatero Elube, osatembenuka, "muuzeni abweze bwato."

"Musatero, alamu. Chonde. Timira tonse."

"Muuzeni."

Ndi dzanja lamanzere anatola chivundikiro n'kuchibwezera pakamtsuko. Mtima unamuwawa pochita zimenezo, chifukwa mtsinje umene mwamuna wake anaulakalaka unali pomwepo, pansi pa dzanja lake. Koma Naro anali atanena zinthu ziwiri, mtsinje ndi dzanja, ndipo iye sakanapereka chimodzi kuti agule chinacho.

"Ndibwerera naye," anauza chifungacho. "Ndikamuika kwathu ku Luchenza, pafupi ndi amayi anga, pafupi ndi ana athu awiri aja simunawanyamulepo. Mukadzamufuna mudzabwere kumeneko, mudzapemphe kwa azimu akwathu. Koma mudziwiretu kuti kumeneko kulibe chitseko cha kiyi, ndipo Chichewa chanu n'chochepa."

Kunakhala chete. Ngakhale Kantilal anasiya kulira. Madzi ankangodontha kuchokera kunkhafi. Elube sankadziwa kuti chetelo linatenga nthawi yotani; ankati linali lalitali ngati ukwati wake wonse.

Kenako zala zija zinamasuka. Sizinachoke. Zinatsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pamkono, kudutsa pachikhatho, mpaka pansi pa dzanja lake, n'kulekera pomwepo.

Chimene chinali pambali pa bwato nthawi imeneyo Elube sanachifotokozepo bwinobwino. Kantilal anachiona, ndipo akuti mpaka imfa yake sanayandikirenso mtsinje uliwonse, ngakhale mlatho ankawoloka atatsinzina. Elube ukamufunsa ankangoti panali zikhatho ziwiri, zophatikizana, zili m'munsi mwa dzanja lake.

Anachotsanso chivundikiro n'kupendeketsa kamtsuko. Phulusa linatsika, ndi tizidutswa ta mafupa toyera. Phulusa likagwera pamadzi limamwazika n'kuyandama, koma ili silinamwazike. Linalowa malo amodzi, ngati ufa wothiridwa m'mbale, mpaka kamtsuko kanapepuka.

"Pitani bwino, bambo," anatero Elube. "Ndakufikitsani."

Apo m'pamene analira, koyamba chimwalirire mwamuna wake. Akulira choncho, dzanja lake lili lende pamwamba pa madzi, zala zozizira zija zinabweranso. Zinagwira chikhatho chake chonse, osafinya, osakoka, kanthawi kochepa chabe. Kenako zinasiya. Makiyi anamveka pansi pa bwato, ngwere, ngwere, akutsika, akutalikira, mpaka madzi anawameza. Bwato linawongoka. Tinyali tija tinayamba kuyenda motsata madzi ngati tinyali tina tonse, ndipo kutsidya, pamwamba pa mchenga, dzuwa linatuluka lofiira.

Atafika pagombe anapeza masitepe atadzaza ndi anthu akusamba, akutunga madzi ndi manja n'kuwathira moyang'ana dzuwa, ana akuseka, ochapa akumenyetsa nsalu pamiyala. Wopalasa bwato anawatsitsa n'kukankha bwato lake osayang'ana kumbuyo. Kantilal anakhala pasitepe mutu uli m'manja. Elube anatsuka kamtsuko, n'kusamba m'maso ndi madzi a mtsinjewo, n'kupinda chitenje chake.

"Simunaope kuti akukokerani pansi?" anafunsa Kantilal patapita nthawi.

"Ndinaopa."

"Nanga mukanabwereradi naye?"

"Ndikanabwerera naye. Iwonso anadziwa. Dzukani, alamu, mukandifunire tiyi. Dzanjali lazizira."

Tiyi anamwa, kapu anaifumbata, koma dzanjalo silinafunde. Silinafunde m'sitima, silinafunde atabwerera ku Limbe, ngakhale dzuwa la Okutobala litadzafika, silinafunde chaka chotsatira. Linkagwira ntchito bwinobwino, ankasoka nalo, kulima nalo atabwerera kwawo ku Luchenza, koma ukamupatsa moni unkadzidzimuka ngati wagwira mwala wa pansi pa mtsinje. A Dafita anabwera ndi anthu a mpingo kuti alipempherere. Elube anawalandira, anawaphikira, koma dzanjalo analibisa m'chitenje.

"Ili lisiyeni, achimwene. Si matenda. Apongozi anga anandipatsa moni. Anachedwa, koma anandipatsa."

Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, ndipo anamwalira ali nkhalamba, pamphasa pake, m'nyengo ya mvula. Amayi amene anasambitsa thupi lake ndi anthu achikulire, osakonda nkhani zopeka, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene anandiuza izi. Akuti thupi lonse linali litazizira monga limachitira la munthu wakufa. Koma atafika padzanja lamanja anasiya, n'kuyang'anana. Linali lofunda, ndipo zala zake zinali zopindika pang'ono, ngati pali wina waligwira.